Zolakwa Zinayi za Fanny

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mwana wanga Belita wabwera ndi mwana wake Fanny kuchokera ku Kaduya. Kachikwama kamodzi, ndi lipoti la kusukulu lopinda kanayi. Chingerezi: 31 pa 100. Mdzukulu wa ine, amene ndinagwira choko zaka makumi atatu ndi zinayi. Manyazi.

Aphunzitsi ake alemba kuti amasokoneza mawu omveka mofanana. M'ndemanga yawoyo iwonso alakwitsa liwu limodzi. Ndiwo aphunzitsi a masiku ano.

Tapangana ndi Belita. Mtsikanayu akhala kuno mpaka adziwe mawu amene ndamukonzera, awiriawiri, magulu makumi atatu. Akangowadziwa abwerere kwa amake. Mwezi wamawa alowa Sitandade 8, sangalowe chonchi.

Potsanzika Belita anati, "Musamusunge nthawi yaitali amayi, a Howard akuti nandolo wauma ndipo manja achepa kumunda." Howard ndi mwamuna wake watsopanoyu. Si bambo a Fanny. Chikwatirire sanandipatsepo moni woyenera.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Tayamba. Week ndi sabata, weak ndi kufooka. Meat ndi nyama, meet ndi kukumana. Ndamuuza kuti khutu pano silithandiza, pakamwa mawuwa ndi amodzi. Chowasiyanitsa ndi anzawo amene ayenda nawo. N'chifukwa chake sinditchula liwu lokha. Ndimanena chiganizo chonse, iye n'kulemba.

Ziganizo makumi awiri, walakwa zinayi. Ndinati mwana wamwamuna wa mayi uja akudwala malungo. Iye m'malo mwa son walemba sun. Dzuwa likudwala malungo!

Ndaona kope lake la kusukulu. Mawu ongondandalika, opanda chiganizo ngakhale chimodzi. Akuti amawaimba kalasi yonse ngati kwaya. Zonyansa.

Ali ndi kakhalidwe kena kotopetsa. Akafuna kusamba amati, "Anganga, mukhale pakhonde mpaka nditamaliza." Mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi kuopa bafa dzuwa likuswa mtengo. Belita anamulera moipa.

Loweruka, 10 Ogasiti

Dzana zinayi. Dzulo zinayi. Lero zinayi.

Flour ndi ufa, flower ndi duwa. Malinga ndi pepala la Fanny, mandazi timakazinga a maluwa. Ndinamenya tebulo ndi rula mpaka nkhuku zinabalalika. Sanalire, sanakwiye. Anangoti, "Pepani anganga, mutu wangawu ndi wouma. Tibwerezenso Lolemba." Kenaka kakumwetulira. Kakumwetulirako ndi kamene kandinyansa kuposa zolakwazo. Mwana wolephera ayenera kumva kuwawa.

Koma ntchito amagwira, chimenecho ndivomere. Pabwalo posesa, mbiya zodzaza, mbuzi zomangirira ndisananene.

Penshoni sinalowe. Shuga watsala wa pansi pa botolo. Ena ayatsa moto kuphiri la Michesi, utsi tsiku lonse, zovala pachingwe zanunkha zonse.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Howard. Anabwera panjinga yake yopanda belu ija, imangolira tcheni. Mkamwini woleredwa amaima patali, n'kuyamba wapereka moni. Uyu analunjika pakhonde n'kukhala pampando wa malemu mwamuna wanga, miyendo atatambalitsa.

"Apongozi, kasukulu kanuka katsekera liti? Chizungu sichidyedwa."

Ndinamupatsa pepala la dzulo kuti adzionere. Anawerenga mokweza peace ndi piece, n'kuseka. "Si chimodzimodzi izi? Mukungomuzunza mwana." Sindinataye malovu kumuuza kuti china ndi mtendere, china ndi chidutswa.

Anafunsa kuti Fanny ali kuti. Ndinaitana katatu. Zii. Iye atapita ndinakamupeza kuseri kwa khola la mbuzi, ati amafuna mazira. Nkhuku zanga siziikira kumeneko.

Chikho chimene Howard anamwera madzi ndachitsuka kawiri.

Zolakwa za lero masana: zisanu ndi zinayi. Sizinachitikepo.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Fanny atapita kuchigayo ndinayala mapepala ake onse pamphasa. Zolakwa makumi atatu ndi zitatu chiyambire. Ndinazisanja liwu ndi liwu.

Palibe ngakhale chimodzi chimene chabwera kawiri.

Ndaphunzitsa ana mazanamazana. Mwana wosadziwa amalakwa liwu lomwelomwelo lero, mawa ndi mkuja, mpaka umatopa naye. Uyu ayi. Hear, kumva, analemba bwino sabata yatha. Lolemba wasokoneza ndi here, pano. Dzulo walembanso bwino. Sun analakwa tsiku loyamba lokha. Tsiku lililonse zolakwa zatsopano, ndipo kupatula tsiku limene Howard anabwera, zinayi ndendende, ngati munthu woyeza mchere ndi supuni.

Ndinakweza pepala limodzi kudzuwa. Pamene anafufuta pakuoneka. Amayamba walemba liwu lolondola, n'kufufuta, n'kulembapo lolakwika.

Kuti munthu alakwe chonchi ayenera kuwadziwa onse.

Wandipusitsa. Ine, m'nyumba mwanga, patebulo panga. Ndaumitsa kukhosi sabata yathunthu pophunzitsa munthu zimene akudziwa kale. Ndakwiya moti tiyi wandikanika. Sindimufunsa lero, ndingalankhule zoipa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndinamufunsa tikusenda chinangwa. Sindinakweze mawu. Ndinangoika mapepala aja pakati pathu n'kumuonetsa pofufutidwa.

Anasenda chinangwa chimodzi mpaka chinatsala ngati chala. Kenaka anati, "Anganga, mukanena kuti ndadziwa ndiye kuti ndibwerera."

Zotsalazo ndizilemba monga anazinenera. Fanny akamasamba, Howard amaima kuseri kwa bafa. Anaboola udzu. Mwezi watha anamugwira mkono kumunda amake kulibe, iye anapulumuka n'kuthawira kwa anansi. Atawauza amake, anamuyankha kuti akufuna kuwathetsera banja.

Ndinafunsa za 31 uja. Anati mayeso enawo analemba bwino, Chingerezi chokha ndi chimene anachita dala. "Ndinadziwa kuti masamu mukhoza kungodandaula. Koma Chingerezi simungapirire, mundiitanitsa."

Amandidziwa kuposa mwana amene ndinabereka.

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kusanza. Nditabwerako ndinapeza wamaliza chinangwa chonse, watsukanso mpeni.

Masiku onsewa ine maso pa zilembo. Mwana amandipempha tsiku ndi tsiku kuti ndikhale pakhonde, ine n'kumati waleredwa moipa. Munthu uja anakhala pampando wa mwamuna wanga ndipo ndinamupatsa madzi ndi manja awiri.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. 

Ndaimbira Julius ku Luchenza. Ndiye mwana wanga woyamba, malume ake a Fanny, mwini mbumba. Ndinamufotokozera zonse. Iye anati: "Asatuluke pakhomopo, amayi. Ndibwera Lachiwiri. Nkhaniyi si ya pansi pa mtengo, tikaitula kupolisi." Ndavomera.

Titachoka kutchalitchi ndinamuuza Fanny kuti lero alembe zoona, ndikufuna ndione. Ndinasankha zovuta. Whole, chathunthu, ndi hole, dzenje. Ndinaikamo ngakhale weather ndi whether, amene sindinamuphunzitse. Makumi awiri pa makumi awiri. Zilembo zoongoka ngati zosindikiza.

Inki isanaume, Belita uyo pamsewu, wabwera kudzamutenga. Ndinatenga cholembera chofiira n'kuthetha mawu asanu ndi limodzi olondola. Moyo wanga wonse sindinathethepo yankho lolondola, ngakhale la mwana amene ndinkadana naye. 

Ndinamupatsa Belita pepalalo. "Sanadziwebe," ndinatero.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Mawu amenewa amawadziwa, ndinamuphunzitsa ndekha patebulo lomweli, ndi rula yomweyi. Ndinaona maso ake ataima pa whole. Anaona kuti ndi lolondola. Anaona onse asanu ndi limodzi.

Sanafunse kanthu. Anangoti, "Akhale kaye ndithu," n'kulipinda pepalalo, n'kundibwezera. Mwana wake sanamuyang'ane kumaso. Tiyi anakana.

Ndiye kuti akudziwa. Wakhala akudziwa. Sindikudziwa ngati ndimumvere chisoni kapena ndimulavulire. Ndamubereka ine ameneyo.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Dzulo Howard anatumiza uthenga pafoni, wopanda moni. Ati lero abwera kudzamutenga mwana, adziwe Chizungucho asadziwe, nandolo akuthetheka m'munda. Athetheke.

Julius waimba, wafika pa Migowi, akufuna kabaza wa njinga yakapalasa.

Mpando wa mwamuna wanga ndaulowetsa m'nyumba. Pakhonde patsala kampando kanga kokha. Anansi anga, mayi a kuseriku, ndawauza, akuti akhala pabwalo pawo akupeta, akamva mawu okweza abwera ndi ana awo aamuna.

M'mawa tinalemba monga mwa masiku onse, chifukwa phunziro ndi phunziro. Makumi awiri pa makumi awiri. Ndachonga zonse, ndalemba malikisi ake enieni pamwamba, ndasaina dzina langa. Pepala limeneli silipita ku Kaduya. Mwini wakenso sapita. Sitandade 8 akalowa pasukulu ya pafupi pano, ndikamulembetsa ndekha.

Wasamba lero osandipempha kanthu. Ndinakhalabe pakhonde.

Tsopano ali kuchipinda kwanga ndi dikishonale, loko ndakhoma, kiyi ali pamsonga ya chitenje. Rula ili pamiyendo. Mkazi wa zaka makumi asanu ndi awiri kudikira mwamuna wathanzi ndi rula, ndikudziseka ndekha.

Fumbi kumsewu. Njinga imodzi, ikukhotera kuno. Maso angawa sakuona kuti ndi ndani.

Yaliza belu. Ya Howard ilibe belu.