Dzanja Langa pa Lafayette Road

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine chimfine chija chinatha.

Loweruka ndinkayenda pa Lafayette Road ndi Ramiro, mnzanga wa ku Mexico amene ndimagwira naye ntchito kuchipatala. Macheza atakoma, ndinamugwira dzanja monga tinkachitira ine ndi inu popita kumpira. Analichotsa msangamsanga n'kuyang'ana uku ndi uku. Akuti kwawo mwamuna amayenera kukhala "macho", wouma mtima, wosagwirana manja ndi mwamuna mnzake. Ndinapepesa, n'kupisa manja m'thumba mpaka pokwerera basi.

Chifikireni kuno, achimwene, sindinayendepo ndi munthu chogwirana manja. Mundiimbireko Lamlungu, ngakhale mulibe nkhani.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Yamikani