Khoma Munapaka Penti Lija

Bambo a mwana,

Mukafika musatifune, ndathamangira kuchipatala ndi mwana. Chifuwa chija chamubwereranso, akupuma mochita kuliza mluzu, ndipo ndadziwa kumene chikuchokera.

Ndinasuntha wadiropu kuti ndisese kuseri, n'kupeza khoma lonse lili bii ndi nkhungu, madzi akuchita kuyenderera. Penti munapaka uja wafufuma, akungosupuka yekha. Ndinakuuzani ine kuti oyendera nyumba za asilikali akabwera, muwasonyeze chinyezicho aone ndi maso awo. Inu ayi, ati nyumba ya sajenti singaoneke yauve pamaso pa akuluakulu. Munapaka, munabisa ndi wadiropu, n'kuima njo kumenya saluti. Iwo anakuyamikirani, n'kupita kukakonza denga la aneba amene sanachite manyazi kudandaula. Ife tinatsala ndi ulemu wathu, ndi uwu tikutsokomola nawowu.

Ndiye lero wolamula ndine. Mazenera ndasiya otsegula dala, musatseke, mdani ali kale m'nyumba. Jombo zanu zonyowazo zisapondenso kuchipinda. Matiresi a mwana ali padzuwa, kukachita mitambo muwalowetse. Mukatero pitani kuofesi yoona za nyumba, mukawatenge adzaone okha, ndipo musayerekeze kupukuta kanthu.

Pepani, sindinaphike, mudzionere.

Ndine mayi a mwana.

Ndikanaiwala! Yunifolomu yanu ya perete ija inali muwadiropu momwemo. Yachita chuku mpaka m'mapewa, nyota za udindo wanu zosaonekanso. Mawa musanavale, muipake penti.