Sabata Yomwe Anafufuta Dera Lathu

Lolemba, 8 Meyi

Kalata yafika. Bungwe la zisankho lasintha malire, dera lathu kulibenso. Aligawa pawiri: a kutsidya kwa mtsinje apita ku dera la kumpoto, otsalafe atiphatikiza ndi a kumwera. Ofesi ya phungu itsekedwa Lachisanu. Ndawerenga kawiri, ndaiika mu fayilo, ndamwa tiyi. Zaka 26 ndili mlembi pa desiki yomweyi. Mumtima sindikumva kalikonse.

Lachiwiri, 9 Meyi

Aphungu athu a Mawa (chilichonse ukawapempha amati mawa, dzina linakakamira) aimba foni ali m'galimoto. Akuti ndilongedze zonse. Iwo akaimira kumwera, ndipo kumeneko mlembi alipo kale. Amandithokoza, netiweki n'kudula.

Ndayamba ndi zithunzi za pakhoma. Aphungu asanu. Oyamba ndi bambo anga, atavala suti yobwereka, manja a jekete kufupika. Zaka 15, nthawi ya chipani chimodzi. Anabweretsa sukulu ndi kachipatala. Zipani zitachuluka anthu anawagenda pa bwalo la sukulu yomweyo. Wachiwiri, wagolosale uja, ndiye anandilemba ntchito, ati anthu aone kuti alibe chidani. Anasintha chipani katatu, ife kumangopenta chitseko. Achitatu ndi aphunzitsi aakazi aja, anafa pangozi chaka chachiwiri, mpando n'kupita kwa alamu awo. Kenako a Mawa.

Pomwe panali zithunzi patsala mabanga oyera asanu.

Lachitatu, 10 Meyi

Mafayilo a mlatho adzaza makatoni atatu. Phungu aliyense anaulonjeza, awiri anaikapo mwala wa maziko. Mlonda wafunsa kuti makatoniwo apita kwa yani, poti mtsinjewo ndiye malire tsopano. Ndaimbira ofesi zonse ziwiri. Aliyense akuti mtsinje ndi wa anzawo.

Achimwene akuti bambo tisawauze. Chiwagwireni sitiroko dokotala analetsa nkhani zolemera. Ndavomera. Ndikafika kunyumba bambo amafunsa za kuofesi, ine n'kumati kuli bwino.

Lachinayi, 11 Meyi

Mayi wina wa kutsidya wayenda maola atatu ndi kalata yopempha mjigo. Ndaidinda, ndamuuza kuti talandira. Wapita akuthokoza.

Lachisanu, 12 Meyi

Ndasesa, ndakhoma loko, makiyi ndapatsa eni nyumba. Akuti muzikhala mogulitsira simenti. Mlonda watenga mpando umodzi, sindinamuletse. Makatoni a mlatho ali pansi pa bedi langa.

Loweruka, 13 Meyi

Kuchapa. Mutu ukuwawa.

Lolemba, 15 Meyi

Ndinadzuka, kusamba, kuvala za kuntchito ngati kale, cholinga bambo asadabwe. Ndimati ndikangokhala pa siteji mpaka masana. Ndikudutsa pakhonde bambo anandikodola ndi dzanja lawo labwinolo. Mawu awo amatuluka mokoka masiku ano, umachita kusendeza khutu.

"Ukupita kuti iwe? Ofesi anatseka."

Ndinangoima ndi chikwama m'manja. Akuti anamva pa wailesi ine ndisanalandire n'komwe kalata. Anauza achimwene kuti asandiuze msanga, poti ndine wofooka mtima. Ndiye achimwenewo akhala akutibisira tonse awiri, uku ndi uku. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ndinawapukuta pakamwa.

Kenako anati ndibweretse kope ndi bolopeni. Akuti derali lisanabadwe anayenda wapansi milungu itatu ndi munthu woyeza malo, mudzi ndi mudzi, malire amenewo anaponda ndi mapazi awo. Nkhani imeneyi sanandiuzepo.

"Lemba midzi yonse, mwana wanga. Mmene ndinaiyendera, osati mmene anailembera m'mabuku awo."

Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo. Amatchula dzina, ine kulemba. Pena amaima n'kunena kuti apa tinagona m'tchalitchi, apa galu analuma woyeza malo. Ina mwa midziyo inasamuka kalekale, ndinalembabe.

Titafika pa mudzi wa 38 mawu anayamba kuzilala, mutu unagwera pa phewa, tulo. Ndinawafunditsa pamiyendo.

Wa 39 ndikuudziwa, uli kuseri kwa phiri. Sindinaulembe. Ndikudikira adzuke.