Makina Osesa Ubweya wa Agalu

Kanyama, Lachinayi

Ba Malume,

Muli bwanji ku Katete? Ife tilipo, koma Taonga akali kutsokomola.

Lolemba ba madamu kumene nimagwira ntchito ananitenga ku shopu kukasankha makina oyenda okha nkumasesa, chifukwa agalu awo amathothoka ubweya nyumba yonse. Anati, "Ba Yotamu, ubweyawu mumaudziwa ndinu, sankhani." Ninasankha abwino, a bulashi yosakodwa ndi ubweya. Pobwerera ninawanyamula pamiyendo m'galimoto.

Dzulo aniuza kuti nizibwera Loweruka chabe, kudzakhuthula kabokosi ka makinawo.

Amake Taonga sininawauze. Lero navala yunifomu, nachoka m'mawa monga masiku onse. Kalatayi nalembera pa siteshoni.

Chonde munifunsire ngati munda wa malemu atate ukalipo. Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Yotamu