Zithunzi Ziwiri za a Nangozo

Lolemba, 17 Juni 2024

Chifunga mpaka teni koloko. Phiri silinaoneke.

Akazi anga a Nangozo amwa phala supuni zinayi. Yachisanu anakankha. Lero akwana masabata atatu chitulukire kuchipatala. Adokotala anati chotupa cha m'mimbacho chinapita patali, tiziwapatsa mapilitsi a ululu ndi chilichonse chimene mtima wawo wafuna. Koma mtimawo sukufuna kanthu.

Kope ili ndi la kusukulu ya kwacha ya kutchalitchi, linatsala masamba. Ndizilembamo, poti zimene ndasungazi ndilibe womuuza. Dzanja limachedwa, koma nthawi ilipo.

Victoria, mwana wathu mmodzi yekhayo, ali ku Joni. Watumiza mawu pafoni kufunsa za amayi ake. Ndayankha kuti ali bwino, nkuzizira chabe. Amene anandilumbiritsa kuti ndisamuuze ndi a Nangozo, atagwira korona. Akuti mwanayo mapepala ake anatha, akangotuluka sadzalowanso, ntchito ithera pomwepo, ndiye ana ake awiri aja adzadya chiyani. Ndinalumbira.

Lachiwiri, 18 Juni

Kumsika pa Boma. Zaka makumi asanu ndi ziwiri tili pabanja, tomato ndinali ndisanagulepo. Ndinkalima, ndinkanyamula, koma wogula anali iwo.

Mayi Dorika, amene a Nangozo amagulako masamba masiku onse, atandiona ndi jumbo anati, “A Nkhoma, lero mwasochera? Kogulitsa makasu ndi uko.” Amayi a pamzerepo kuseka. Ndinati ndikufuna tomato, anyezi ndi mpiru. Ndinaloza mulu wa akuluakulu, owala. Anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati eya.

Kusitolo: mchere, sopo, masamba a tiyi, buledi theka. Wathunthu amatiumira, wodya ndine ndekha.

Kunyumba a Nangozo anapempha jumboyo. Anafinya tomato mmodzi pang'ono, nkununkhiza. “Madzi okhaokha. Akuonani kuti ndinu mlendo.” Anatembenukira kukhoma. Phala supuni zitatu.

Lachitatu, 19 Juni

Posaka machesi pamwamba pa kabati ndapeza kabokosi kaja. Ndinali nditakaiwala.

Victoria anatumiza chaka chatha pamodzi ndi foni, kudzera kwa anthu a basi. Ndi kakatoni, kali ndi timagalasi tiwiri. Iye ali ndi kena komweko. Anandiphunzitsa ndi mawu, mobwerezabwereza, mpaka ndinagwira. Umajambula chinthu utatsamira mwendo wamanzere. Kenako, osasuntha mapazi, umatsamira wamanja nkujambulanso. Foniyo imaika yokha zithunzi ziwirizo pambali pa chinzake. Ukaiyika m'kabokosi nkusuzumira, ziwiri zija zimasanduka chimodzi, ndipo chinthucho chimatuluka, chili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ngati ungachigwire. Iye anati akufuna aziona kumudzi ngati waima pabwalo. Lamulo lake ndi limodzi: chimene ukujambulacho chisagwedezeke.

Ndili mnyamata ndinkanyamula zikwama za oyeza nkhalango kuphiri kuja. Iwo ankayala zithunzi ziwiri zojambulidwa m'ndege, nkuweramira timagalasi ta miyendo, ati akuona kutalika kwa mitengo ya paini. Ife onyamula sankatilola kusuzumira. Ndinkaganiza akunama.

Ndayesanso masana. Mtondo watuluka bwino, dzenje lake likuoneka kuti nlakuya. Tambala watuluka ndi mitu iwiri.

Lachinayi, 20 Juni

Ndinatenga foni kumsika. Ndinaima patsogolo pa benchi la mayi Dorika, kumanzere, kumanja. Iwo: “Nanga gule ameneyu ndi wa kuti? Mwakalamba nazo, a Nkhoma.” Ndinawauza kuti achotse dzanja pa tomatopo, akhale chete. Ndajambula tomato, kabichi, kachewere, usipa wa mzere wachiwiri, ndi mulu wa manachesi. Sindinagule kanthu kupatula mafuta ophikira. Anandiyang'ana ngati wamisala.

Kunyumba ndinawakhazika a Nangozo ndi pilo kumsana, nkuwagwirira kabokosi kumaso. Anasuzumira. Ndimati mwina sakuona. Kenako anati, “Mulu wakumanzerewo musadzagule. Kumbuyo kuli wophwanyika, wabisidwa. Dorika sanasinthe.” Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Chitulukire kuchipatala ndi koyamba.

Anaona zonse, kawiri. Usipa akuti ndi wakale, mitu yayamba kuthothoka. Kachewere ndi wabwino koma wathu amaposa. Pa manachesi anaima. “Aang'onowo, a khungu lopyapyala.”

Ndinabwereranso kumsika pa kabaza kukawagula. Adya tizigawo tisanu.

Lachisanu, 21 Juni

Nachesi limodzi lathunthu, ndi tiyi theka la kapu. Akuti mawa ndikajambule kwa ogulitsa nyemba.

Loweruka, 22 Juni

Zithunzi za kumsika ndi cha mtondo chija ndinamutumiziranso Victoria dzulo. Netiweki kuno imagwira pachulu cha m'mbali mwa msewu basi, ndiye ndimatumiza popita, mayankho ndimawapeza pobwera. Lero mawu ake: “Ababa, tomato wa amayi Dorika ndamuona, mtondo ndauona. Nanga za amayi bwanji mumangotumiza chimodzi chimodzi? Ndikufuna za m'kabokosi.”

Mawuwo ndinawayatsira a Nangozo kuti amve. Anati chabwino, koma awoneke ngati munthu. Ndinawaveka majuzi awiri, yanga pansi, yawo pamwamba. Duku la kutchalitchi. Mafuta kumaso. Ndinawanyamula kupita nawo pakhonde pamene pali dzuwa. Thumba la feteleza limalemera kuposa iwo.

Kumanzere, ndajambula. Ndisanatsamire kumanja, atembenuza mutu. Tinayambanso. Akonza duku. Kachitatu anatsokomola. Kachinayi anathamangitsa nkhuku ndi dzanja. Kasanu konse. M'kabokosi nkhope inangokhala ngati utsi, maso anayi, mphuno ziwiri. Anati ndi ululu, sangathe kukhala chete. Ndinawakhulupirira.

Ndatumiza chimodzi, chachiphwatalala. Victoria wayankha kuti amayi anenepa, kuzizira kukuwayanja. Ndinamvetsera nditaima pachulu paja. Ndinaimabe mawu atatha.

Lamulungu, 23 Juni

Amayi a mphakati wathu anabwera ndi Ukaristia itatha Misa. Anaimba motsitsa. Mayi Dorika nawo anabwera, atatenga manachesi m'chitenje. A Nangozo anawafunsa kuti, “Tomato wophwanyika uja munamugulitsa kwa yani?” Iwo anati, “Ndikusungira amuna anuwa.”

Powaperekeza, titafika pa nkhokwe, mayi Dorika anaima. Nthabwala panalibenso. “A Nkhoma, mwana uja mwamuuza?” Ndinati amayi ake anakaniza. Iwo: “Chikachitika chinthu, wofunsidwa mudzakhala inu. Iwo sadzakhalapo kuti akuyankhireni.”



Lolemba, 24 Juni

Ndachita chinthu chosayenera. Masana a Nangozo anagona, mapilitsi atagwira. Ndinatsegula zenera pang'ono kuti mulowe kuwala, ndinavula nsapato. Ndinati wogona sagwedezeka. Maganizo anga anali akuti ndingojambula, kutumiza ndiona bwino.

Kumanzere, ndajambula. Ndikutsamira kumanja, iwo maso ali chitsinzire, anakoka bulangete mpaka kumutu.

Mawu akuchokera m'bulangetemo: “Mukuyesa ndine mwana?”

Ndinati ayi.

“Kabokosi kanaulula tomato wa Dorika, ine kandisiya? Loweruka lija mumati ndi ululu?”

Ndiye kuti kasanu konse kaja anachita dala. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Ndinati a Nangozo, mwanayo ndi wathu tonse awiri. Anati eya, ndipo ana akewo amadya tsiku lililonse, maliro ndi tsiku limodzi. Ndinati musatchule mawu amenewo. Anati, “Adokotala anatchula inu muli pomwepo. Munkayang'ana kalendala yapakhoma.”

Nzoona. Ndinkayang'ana kalendala.

Madzulo sanandilankhule. Phala lakhala patebulo mpaka kuchita khungu.

Lachiwiri, 25 Juni

Kuzizira koopsa. Madzi a m'ndowa amaluma zala.

Kumsika ndagula zimene ankazikonda kale: nsawawa, nthochi ziwiri, chambiko, kachidutswa ka chiwindi. Kusankha ndayamba kudziwa. Ndimayang'ana kumbuyo kwa mulu. Mayi Dorika ati tsopano ndawaonongera malonda.

A Nangozo palibe chimene alawa. Zithunzi za nyemba akana kuona. Akuti za kumsika zakwana.

Cha m'ma fili koloko anafunsa ngati m'fonimo muli chilichonse cha ku Joni. Chinalipo chimodzi cha m'kabokosi, chinabwera dzulo, sindinawauze poti sitinkalankhulana. Victoria wakhala pabedi, Pilira wamkulu uja waima pambali ataongoka ngati msilikali, ndipo kamng'ono, Fiona, kali mtulo pamiyendo pa amayi ake. Kameneka sitinakaonepo ndi maso, kanabadwira komweko. Katuluka bwino kwambiri poti kanali mtulo. Kaphazi kakulendewera kutsogolo.

Ndinawagwirira kabokosi. Ndinaona dzanja lawo likutuluka m'bulangete, pang'onopang'ono, likupita kutsogolo. Zala zinatseka. Zinatsegukanso. Zinafufuza m'mwamba, m'munsi. Panali mpweya basi.

Anati ndichotse. Patapita nthawi anati ndibwezeretse. Mkono wanga unatopa, ndinasinthira wina. Anayang'ana mpaka foni inazima yokha, moto utatha.

Lachitatu, 26 Juni

Foni ndinaitchaja pa sola ya aneba m'mawa.

Dzuwa litafika pakhonde a Nangozo anandiitana. “A Nkhoma, nditulutseni.” Ndinatenga majuzi aja. Anati ayi. Duku lokha. Mafuta anakana. Ndinawakhazika pampando, bulauzi ya buluu ija ikulendewera ngati yaikidwa pa msomali.

“Jambulani.”

Ndinati nanga korona uja.

“Ndinakumangani ndine. Ndakumasulani. Ntchito azikaiona yekha, ndi wamkulu. Koma kaphazi kaja ndikufuna ndikagwire.”

Kumanzere. Kumanja. Ntchentche inatera pamphumi pawo, sanaphethire. Anakhalabe choncho ine nditamaliza kale, mpaka ndinawauza kuti zatha.

Ndinakasuzumira kuseri kwa nyumba, ndekha. Ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndimawasambitsa, ndimawanyamula. Koma ndinali ndisanawaone. Masaya alowa mkati, kwakuya ngati mtondo uja. Maso ali kutali, kumbuyo. Pansi pa khosi pali maenje awiri oti madzi angakhalemo. Ndipo akundiyang'ana, osagwedezeka.

Anafunsa ngati chatuluka. Ndinati chatuluka. Sanapemphe kuona.

Pachulu sindinapite lero. 

Lachinayi, 27 Juni

Chifunga. Pachulu ndinaima nthawi yaitali, chala chili pamwamba pa foni. Anthu opita kudimba kumandipatsa moni, ine kumayankha. Kenako ndinadina. Mawu sindinaikepo.

Foni inalira ndili pa benchi la mayi Dorika, ndikusankha anyezi. Anali Victoria. Ndimamva galimoto zokha za kumeneko. Kenako, “Ababa, amene ndikuwaonawa ndi amayi?”

Ndinati ndi amayi ako.

“Kuyambira liti?”

Ndinamuuza zonse. Chipatala, chotupa, korona, majuzi awiri. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangofunsa kuti, “Akudya?” Ndinati manachesi, nthawi zina. Anati basi imanyamuka Loweruka, abwera ndi ana onse awiri, za ntchito ndisamufunse. Foni inaduka.

Mayi Dorika anamva zonse koma sanafunse. Anatenga mulu wa kutsogolo, anachotsamo awiri nkuikamo ena ochokera pansi pa benchi. Kusitolo ndagula shuga, mkaka, ndi buledi wathunthu. Ndazindikira ndili panjira kuti basi ifika Lolemba kapena Lachiwiri, buledi adzakhala atauma. Ndikagulanso.

A Nangozo anali maso. “Waona?”

“Waona.”

“Walira?”

“Ayi. Akubwera. Ndi ana.”

Anawerenga masiku ndi zala, kuyambira lero. Anafika zisanu, anaziyang'ana. Anapempha phala. Amwa supuni zisanu ndi imodzi, yomaliza movutika, koma anameza.

Kenako anati, “Nanga mwangokhala? Kuchipinda kwake kuja kwadzaza kachewere. Ana agona pati?”

Matumba alipo asanu ndi atatu. Ndatulutsa awiri. Ndapuma kaye kuti ndilembe izi, msana ukupweteka. Akundiitana kuti ndikamaliza ndisese ndi kudenga komwe, kuli akangaude.