Lipenga la Bambo Silikwera Basi

Kandeu, Ntcheu
14 Juni, 2011

Wokondedwa mlongo wanga Geoffrey,

Moni wochokera kumudzi kuno. Kaya muli bwanji ku Joniko, iwe, mlamu Regina ndi ana? Ife tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chawagwira amayi m'mawondo. Kachewere takumba, wachita bwino ndithu.

Kalata yako ndalandira. Wati woimba jazi wina waona chithunzi cha lipenga la malemu bambo, ndipo akuti ndi lamakedzana, la mtundu umene oimba amagona tulo akulota. Wati akufuna kuligula, ndiye ndimpatse Fanizo wa basi uja akubweretsere. Watinso ndisalikweche ndi phulusa ngati poto, komanso ndisaiwale kachitsulo kake ka pamlomo, poti popanda kameneko munthuyo sagula. Za phulusazo ndaseka mpaka misozi. Iwe Geoffrey, umandiyesa mbuli eti?

Tsono khala pansi, ndikuuze zimene ndakubisira chaka chathunthu. Kachitsuloko kulibe.

Ukukumbukira kuti bambo sankakasiya pa lipenga. Chibwerereni ku migodi, kankakhala m'thumba la jekete, kaya ndi kudimba, kutchalitchi, ngakhale kokasambitsa ng'ombe. Ankati lipenga ukhoza kubwereketsa, koma ka pamlomo ayi, n'chimodzimodzi mswachi.

Pa maliro iwe unafika titaika kale. M'mawa wa tsikulo ndinawapatsa malume Lazarus kachitsuloko kuti akaike m'thumba la jekete lija asanatseke bokosi. Malume anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Ndinawayankha kuti munthu amene wayenda nako zaka makumi anayi sangayambe ulendo thumba lili lopanda kanthu. Akudziwa ndi iwo ndi amayi basi. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, koma mpaka lero sindinong'oneza bondo.

Palinso china. Lipengalo silikungogona pansi pa bedi monga ukuganizira. Bambo atayamba kudwala, mpweya utawachepera, ankandiphunzitsa masana pakhonde. Poyamba linkalira ngati mbuzi yapachingwe, anthu odutsa ankaseka, amvekere mkazi ndi lipenga zinayamba liti. Bambo ankangoti ndiwasiye, adzatopa okha. Anatopadi.

Panopa ndinapeza kachitsulo kena kwa a Hilary, a bandi ya tchalitchi ku Boma. Sikafanana ndi ka bambo, koma kakugwira ntchito. Nyimbo ija bambo ankaikonda akaweruka kudimba ndimaimaliza yonse, ndipo ndikaiyamba amayi amasiya chilichonse ali nacho m'manja.

Ndikudziwa kuti kumeneko moyo ndi wothina, sindikukuweruza ayi. Koma lipenga ili silikwera basi ya Fanizo, zimenezo uiwaliretu. Mu Ogasiti tikumanga chiliza, ndipo ine ndidzaliimba pamanda pomwepo. Bwera udzamve ndi makutu ako. Unasowa poika, usadzasowenso apa, ndakupempha mlongo wanga.

Woimba wakoyo umuthokoze potidziwitsa kuti bambo ankasunga chinthu chapamwamba, ngakhale ife tinkadziwa kale. Umuuze mwaulemu kuti kachitsuloko kali ndi mwini wake. Ngati akukafunitsitsa, abwere, njira ya kumanda ndidzamulozera, akapemphe yekha.

Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana. Amayi akuti uzivala zofunda. Mulungu akusunge mpaka tidzaonane mu Ogasiti.

Ndine mlongo wako,
Sellina