Ndodo ya Bambo Ili M'kabati Yagalasi

Mlongo wanga Tadanobu,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Sapporo kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Chizuru ndi ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Kuno ku Kure tilipo, kungoti mawondo a Amayi sakugwirizana ndi kuzizira.

Dzulo akuluakulu a timu imene Bambo ankasewerera besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo aja, anandiitana ku bwalo la masewera kuti ndikaone chipinda chokumbukira Bambo, asanachitsegulire anthu Loweruka. Achikonza bwino, sindikana. Apachika malaya awo, komanso zithunzi za chaka chija anadumphitsa mipira mpanda mpaka ana a mumzinda muno onse ankafuna kutchedwa Nabeshima Kanzo ngati Bambowo. Misozi inalengeza.

Kenako pakati pa chipindacho, m'kabati yagalasi, ndinaona ndodo yawo yomenyera mpira.

Usandiuze kuti anali nazo zambiri. Ndikunena yakuda ija, yopserera kogwirira, imene Amayi anaiponya pambaula atangokwatiwa kumene chifukwa Bambo ankangoikhula ndi fupa la ng'ombe mpaka chakudya kuzizira. Pansi pake alembapo kuti ndi mphatso yochokera kwa mwana wawo wamwamuna.

Iwe Tadanobu, nanga m'bokosi la maliro muja tinaikamo chiyani?

Unalipo kuchipatala pamene Bambo ananena kuti zikho ndi mamendulo tipatse aliyense wozifuna, koma ndodo imeneyo ipse nawo limodzi. Anaseka n'kunena kuti anzawo amene anatsogola akuwadikira ndi mpira, ndiye sangakafike chimanjamanja ngati woonerera. Woyamba kuvomera unali iwe. Tsiku lowotcha thupi unabwera nayo itakulungidwa m'nsalu yoyera, n'kutiuza kuti tisaimasule. Amayi anaigoneka okha pachifuwa pa Bambo. Ine chitsirune ndinakuthokoza.

Mkulu wa timu anandiuza akumwetulira kuti ndodoyo unaipereka ku timu Bambo akali kupuma. Akuti unati munthu ngati ameneyo ndi wa mzinda wonse. Mwina n'zoona. Mzindawo unawatenga zaka zonse zija, ife tikukula n'kumawaonera pa wailesi ya kanema ngati ana a eni. Koma kwa ife ana awo anapempha kanthu kamodzi kokha, ndipo iwe unawanamiza ali pamphasa. Zandipweteka, mlongo wanga. Sindinkadziwa kuti ungathe.

Amayi sakudziwa kanthu. M'mawa uliwonse akamaika mpunga ndi tiyi patsogolo pa chithunzi cha Bambo, amawafunsa kuti amenya mipira ingati kumene anapitako, ndipo amawadzudzula kuti asamadzionetsere. Loweruka ndiwo adzatsegulire chipindacho. Chovala chawo chapamwambo cha kimono atulutsa kale, chili pachingwe.

Ndinapempha mkulu wa timu uja kuti aichotse ndodoyo. Anandiyankha mwaulemu kuti sangathe popanda mawu a woipereka.

Ndiye bwera Lachisanu. Ukaitenge, udzagwade pamaso pa Amayi, uwauze ndi pakamwa pako. Mafupa a Bambo sitinawaike m'manda, akali m'nyumba muno. Tikhoza kuiwotcha ndodoyo, phulusa lake likalowe nawo m'mandamo.

Ukapanda kubwera, ine sindikubisira. Ndidzawagwira mkono Amayi, ndidzalowa nawo m'chipinda muja, ndipo akadzatembenuka kundifunsa, ndidzatchula dzina lako.

Undiperekere moni kwa Chizuru, ana uwafunditse bwino. Ukhale ndi moyo, ndipo uyende bwino pobwera.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Sumie